Mchira wa Hatchi ya Toktar

Meiram akanangodya nyama ya pamaliro paja n'kukwera njinga yake yamoto, bwenzi lero Kuandik akudyetsa nkhosa zake ngati kale. Koma anatuluka kukasamba m'manja, ndipo kuseri kwa khola anaona hatchi.

Inali hatchi ya malemu Toktar, amene anali atangoikidwa m'manda m'mawa womwewo wa Lachinayi. Mchira wake unali wodula, wolekezera pamwamba pa mawondo. Kudula kokhako sikunali kodabwitsa. Kuno ku Jelsai mwamuna akamwalira timadula mchira wa hatchi yake, ndipo palibe woikwera mpaka chaka chithe, chifukwa nayonso yafedwa. Koma timadula pa tsiku lachisanu ndi chiwiri, akuluakulu atasonkhana.

Shinar, mkazi wa malemu, ankadutsa ndi ndowa ya madzi, maso atatupa.

"Mlamu, pepani ndakuimitsani," anatero Meiram. "Mwafulumira bwanji kudula mchira?"

"Sitinadule ndife. Inabwera yodula kale."

"Inabwera liti?"

"Lachiwiri, dzuwa litapendeka. Yokhayokha, chishalo chili pamsana. Ine ndinkati yangomuthawa, mpaka ndinayamba kuseka kuti bambo a anawa abwera wapansi. Koma apongozi atangoiona anakhala pansi pafumbi." Shinar anasinthira ndowa dzanja lina. "Kodi pali vuto, alamu?"

"Ayi, palibe. Pitani, madziwo akuwadikira."

Vuto linalipo. Mtembo wa Toktar unapezeka Lachitatu m'mawa, m'mbali mwa msewu wopita ku chitsime cha Koskuduk, ndipo dokotala wa ku boma analemba kuti anagwa pahatchi, atauyang'ana kwa nthawi yosakwana kumwa kapu ya tiyi. Lachiwiri masana panalibe amene ankadziwa kuti Toktar wafa. Panalibe, kupatula munthu amene anagwira mpeni n'kudula mchirawo.

Ndinene mosabisa, ngakhale n'zochititsa manyazi: mtima wa Meiram unadumpha ndi chimwemwe, pamaliro pa mnzake amene anakhala naye benchi limodzi kusukulu. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anali wapolisi yekhayo wa midzi itatu, ntchito yake kuthamangitsa akuba nkhosa ndi kuleretsa zidakwa. Ku boma ankamutcha wapolisi wa ndowe. Tsopano mlandu weniweni unali utamugwera m'manja.

* * *

Amene anapeza mtembo anali Sagindik, dalaivala wa galimoto yogawa madzi m'makola, munthu woti ukamufunsa nthawi amayamba kukufotokozera mbiri ya wotchi. Meiram anamupeza Lachisanu m'mawa ali pansi pa galimoto yake, miyendo yokha ikuoneka.

"Bwana wapolisi! Mwabwera kudzandimanga kapena kudzandikankha? Ngati n'kumanga, mangani chigalimotochi, ndi chimene chikundipha."

"Tulukamo iwe. Toktar unamupeza ali bwanji?"

"Ali wakufa, nanga akanakhala bwanji?" Sagindik anatuluka akupukuta manja ndi kasanza, ndipo nthabwala zinamuthera pakamwa. "Koma kunena zoona, bwana, ine sindinaonepo munthu wogwa pahatchi mwaulemu choncho. Atagonera kudzanja lamanja, nkhope yaloza ku mzinda woyera wa Maka, monga timagonekera maliro. Maso otseka. Chibwano chomanga bwinobwino ndi kansalu kabuluu. Ndinati kaya angelo ayamba kulanda ntchito ya a Riskul osambitsa maliro aja."

"Magazi pansi?"

"Ngakhale dontho. Malaya okha ndiwo anali atauma gwa kumsanaku."

"Adokotala unawauza zimenezi?"

"Adokotala ankayang'ana wotchi yawo. Ndipo ine ndine yani? Lachiwiri ndinamva kugunda kumwamba, magalasi a galimoto mpaka kunjenjemera, koma wailesi yati sikunagunde. Ndiye makutu angawa ndi abodza. Mwina masowa nawonso ayamba."

Kugundako aliyense anakumva, ndipo aliyense anangokhala chete. Jelsai ili m'mphepete mwa Bwalo, chipululu chachikulu chimene boma lathu linabwereketsa kwa asilikali a dziko la kumpoto kuti aziyeserapo mizinga yawo yothyola mizinga inzake m'malere. Iwo amati akumanga chishango chifukwa adani awo a kutsidya la nyanja anamanga chawo. A kutsidyawo amati anamanga chifukwa cha awa. Amene anayamba sakudziwika. Ife timangotola zitsulo zimene zimagwa n'kupangira zomwera nkhosa ndi madenga a makola, paja wakwatira kwa mphezi saopa kung'anima. Kale asilikali ankatumiza uthenga kusanagunde, kuti abusa atulutse ziweto. Koma mwezi umenewo atsogoleri a maiko awiriwo ankakonzekera kukumana Lolemba kuti akambirane, ndipo a kumpoto anali atalumbira pamaso pa dziko lonse kuti zoyesayesa aziimitsa kaye. Choncho uthenga sunabwere. Munthu sangachenjeze anzake za chinthu chimene walumbira kuti sakuchita.

Meiram sanaziganizire n'komwe zimenezo. Maganizo ake anali pa kansalu kabuluu.

"Lachiwiri unakapereka madzi kometa nkhosa ku Akbas," anatero. "Kuandik, mkulu wake wa malemu, ankauza anthu pamaliro kuti anali kumeneko tsiku lonse."

"Kuandik? Ngati analiko ndiye kuti anali atasanduka nkhosa. Ometawo ankamutukwana kuti wawasiyira ntchito." Sagindik anasiya kupukuta manja. "Bwana, lamba wansalu amene Kuandik amamanga m'chiuno uja ndi wamtundu wanji?"

Onse awiri ankaudziwa mtundu wake.

* * *

Mudzi wonse unkadziwanso kuti abale awiriwo sankamwerana madzi. Toktar ankalowa mu Bwalo kukatola zitsulo, pomwe Kuandik ankati zitsulozo ndi zimene zikubadwitsa ana a nkhosa opanda maso. Pa ukwati wina chaka chatha anagwirana pakhosi, ndipo amene anawaleretsa anali Meiram mwini wake. Anamva ndi makutu ake Kuandik akukuwa kuti, "Iwe ndidzakukwirira ndi manja angawa!"

Masana a Lachisanu lomwelo Meiram analemba lipoti la masamba atatu n'kulitumiza ku boma. Anaikamo zonse: mchira, kansalu, bodza la kometa nkhosa, mawu a pa ukwati. Akanayamba wakamufunsa mwini wake. Koma ankaopa kuti a ku boma amulanda mlanduwo dzina lake lisanalembedwe pamwamba, ndiye anathamanga. Kuthamanga sikufika.

Loweruka m'mawa ndi pamene anapita ku khola la Kuandik, kuseri kwa kaphiri. Anamupeza atakhala pa mpanda wa miyala, akuyang'ana nkhosa zikumwa. Anali munthu wamtali wa mawu owerengeka. Lamba wake anali wong'ambika mbali imodzi, ndipo sanayese n'komwe kumubisa.

"Achimwene, mchira munadula ndinu."

"Ndine."

"Chibwano munamanga ndinu."

"Ndine."

Meiram anabwera atakonzekera kukana, kutukwana, mwina mpeni. Kuvomera kotereku sanakuyembekezere, ndipo anakhala pamwala.

"Munamupheranji m'bale wanu?"

Kuandik anamuyang'ana nthawi yaitali, monga mmene munthu amayang'anira mwana amene wanena zopusa pamaso pa alendo.

"Iwe Meiram, unali ndi zaka zingati pamene anabweretsa bambo athu?"

Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo sanaiwale. Bambo wa abale awiriwo anafera mu Bwalo. Asilikali anatengera mtembo ku chipatala chawo, ndipo patapita milungu iwiri anabweretsa bokosi lachitsulo lowotcherera, msilikali ataima pambali kuti pasapezeke wotsekula. Munthuyo analowa m'nthaka osasambitsidwa, osavekedwa nsalu yoyera. A Ulbolsin, mayi wa Kuandik ndi Toktar, anakanda bokosilo mpaka zikhadabo kuzuka.

"Lachiwiri mahatchi ake aakazi anasochera mu Bwalo," anatero Kuandik. "Anabwera kudzandipempha kuti ndimuperekeze. Chaka chathunthu osayankhulana, koma anabwera kwa ine. Chibale ndi fupa. Tinalowa, tinawapeza. Iye akuseka, akundinena kuti ndakalamba, hatchi ikundimvera chisoni. Kenaka kunagunda. Zitsulo zinayamba kugwa ngati matalala. Chimodzi, chachikulu ngati chikhatho changachi, chinamulowa kumsana. Anangoti 'achimwene'. Basi."

"Bwanji simunabwere kwa ine?"

"Kuti ulembe? Ukalemba kuti wafera mu Bwalo amabwera kudzamutenga. Ndinamukweza pahatchi yanga mpaka kumsewu, kunja kwa malire awo. Ndinamukonza. Ndinakhala pakaphiri kuthamangitsa mimbulu mpaka Sagindik atatulukira. Ndinkafuna asambitsidwe, Meiram. Avale nsalu yoyera. Amayi aone nkhope."

"Nanga mchira? Mukanausiya palibe akanadziwa."

"Ndikanawauza bwanji amayi? Pakamwa panga pakanakana. Ndinatuma hatchi kuti ikawauze."

Nkhosa zinamaliza kumwa n'kuyamba kubalalika. Meiram ankayang'ana nsapato zake.

"Sunalembe kanthu, eti?" anafunsa Kuandik. "Meiram. Sunalembe?"

* * *

Mawu a munthu woganiziridwa mlandu ndi mphepo chabe. Pankafunika umboni wogwirika. Meiram anathamangitsa njinga mpaka kwa a Riskul, amene asambitsa maliro a amuna onse a mudzi uno kwa zaka makumi anayi. Anawapeza pakhomo akusoka chingwe cha pakamwa pa hatchi.

"Bambo, pa thupi la Toktar munaonapo chiyani?"

"Mwana wanga, wosambitsa maliro ali ndi manja, pakamwa alibe. Chimene ndimaona pa thupi la munthu chimalowa naye m'manda. Tsiku lina ndidzakusambitsa iwe, Mulungu akandisunga. Ungakonde ndizikakulengeza pa sitolo?"

"Kuandik amangidwa, bambo. Ndalemba ku boma kuti wapha m'bale wake."

Singano inaima. Mkuluyo anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso.

"Walemba," anatero. "Ana a sukulu inu. Munthu asanatsokomole mwalemba kale kuti ali ndi chifuwa." Anapumira m'mwamba. "Chimene ndinaona sindikuuza. Ndikuuza chimene sindinachite. Sindinazule kanthu. Chinthu chikalowa m'thupi mpaka kukakamira pa fupa, ine sindichizula, chifukwa wakufa amamva kupweteka ngati wamoyo. Ndinangophimba ndi thonje."

"Ndiye kuti chikadali momwemo?"

"Ndati sindinazule."

"Ndi chitsulo cha mtundu wanji? Mpeni? Nkhwangwa?"

"Chala changachi sichinapite kusukulu. Koma chimadziwa kuti mipeni ya kuno sikhala ndi manambala osema." Anatola singano. "Pita. Wandichimwitsa kale."

Meiram anatuluka ali ndi chiyembekezo. Chitsulo cha manambala sichinama, ndipo sichingakanidwe. Koma atafika pa njinga anaona fumbi likukwera pa msewu wa ku boma. Zinali galimoto ziwiri, ndipo yambuyo inali yobiriwira.

* * *

Anawapeza atalowa kale mu ofesi yake, kachipinda kamodzi kogundana ndi positi. Bwana wake wa ku boma anali atakhala pa mpando wa Meiram, lipoti lili m'manja. Pafupi ndi zenera panaima Meja Gladishev, amene asilikali a Bwalo amamutuma akafuna kuyankhula ndi midzi. Ndi munthu waulemu, chiyankhulo chathu amachidziwa bwino, ndipo m'thumba mwake simusowa maswiti a ana.

"Uyu ndiye mwini nkhani!" anakuwa bwanayo. "Wapolisi wa ndowe wasanduka katswiri. Mchira wa hatchi, amuna inu! Ine sindikanauona."

"Bwana, lipotilo ndi lolakwika. Ndikufuna kulibweza. Toktar anaphedwa ndi chidutswa cha mzinga wa Lachiwiri."

Bwanayo anayang'ana Meja, ndipo Meja anamwetulira mwachisoni.

"Mzinga uti, bambo Meiram?"

"Umene mudzi wonse unaumva."

"Mabingu a chilimwe amasokoneza anthu ambiri." Meja anakhala pa benchi n'kuika chipewa pa bondo. "Tiyankhule ngati anthu akuluakulu. Ine ndakhala kuno zaka zisanu ndi ziwiri, anthu anu ndimawakonda. Lachiwiri sikunauluke kanthu. Mkuja atsogoleri akukhala pansi. Mukudziwa chimene chingachitike a kutsidya atamva kuti tinaphwanya lumbiro? Adzadzuka pa tebulo. Adzaika mizinga ina makumi anayi m'malire mwathu, ife tidzaika makumi asanu ndi atatu, ndipo kuno kwanu kuzigunda mlungu uliwonse. Anthu mamiliyoni akugona tulo tabwino chifukwa Lachiwiri sikunagunde. Inu mukufuna kuwadzutsa chifukwa cha mbusa mmodzi?"

"Awiri," anatero Meiram. "Wina wafa, wina mukumumanga."

"Ife sitikumanga munthu. Ndife alendo kuno." Meja analoza mapepala ali m'manja mwa bwanayo. "Lipotilo ndi lanu. Ndaliwerenga. Lalembedwa bwino kwambiri."

Apolisi anamutenga Kuandik masana omwewo. Sanalimbane, sanafunse kanthu. Atafika pa chitseko cha galimoto anatembenuka, maunyolo ali m'manja.

"Nkhosa zamwa kale. Mawa wina azimwetse." Kenaka anayang'ana Meiram m'maso. "Ndiwe wolemba, ndakuona. Lemba chilichonse. Undipachike ukafuna. Koma manda usawakhudze."

* * *

Lamulungu Meiram anavula yunifolomu, nabwereka hatchi, nalowa mu Bwalo kutsata njira imene Kuandik anamufotokozera. Malowo anawapeza mosavuta, chifukwa udzu panalibe. Chimakina chosalaza nthaka chinali chitadutsapo, malo aakulu ngati mabwalo awiri a mpira, n'kusiya dothi losalala ngati pokonzekera kumanga nyumba. Anafufuza mpaka dzuwa kufika paliwombo. Sanapeze ngakhale kamsomali.

Umboni unali utatsala malo amodzi okha pa dziko lonse lapansi, ndipo lamulo limati manda safukulidwa popanda mwini maliro kudinda chala pa pepala.

Meiram anawapeza a Ulbolsin m'chipinda chamkati, akupesa ubweya wa nkhosa. Ndi mayi wamng'ono thupi, wouma ngati chingwe, amene mudzi wonse umaopa lilime lake. Sanamupatse tiyi. Kuno zimenezo ndi zoposa kutukwana.

"Wabwera kudzatenga ndani lero? Watsala Shinar ndi ana."

"Amayi, ndinalakwa. Kuandik sanaphe munthu, ndikudziwa."

"Ine ndinkadziwa Lachiwiri. Sindinalembe."

"Chitsulo chimene chinapha Toktar chikadali m'thupi mwake. Chili ndi manambala. Chikaoneka, Kuandik atuluka."

Chipeso chinaima. "Ukuti ndifukule wakufa kuti ndipulumutse wamoyo."

"Dokotala wa ku boma adzachizula pamanda pomwepo. A Riskul adzakhalapo, ine ndidzakhalapo. Dzuwa lisanalowe tidzamubwezera m'malo mwake, nsalu yatsopano. Sachoka ku Jelsai, amayi. Ndikulumbira."

"Mwamuna wanga anapita ndi anthu olumbira." Anayang'ana manja awo, zikhadabo zokhotakhota zimene zinamera pambuyo pa bokosi lija. "Kuandik akuti chiyani?"

Apa Meiram akanatha kunena zoona. Anati, "Sindinayankhule naye."

"Akamupeza wolakwa, zaka zingati?"

"Khumi ndi zisanu. Mwina kuposa."

"Ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi." Anayang'ana khoma. Misozi sinatuluke, ndipo zikanakhala bwino ikanatuluka. "Bweretsa kapepala kako. Toktar andikhululukire, ndi mwana womvetsa."

Anadinda chala. Meiram analemba pamwamba pake ndi zilembo zikuluzikulu kuti ntchitoyo ichitikire pamanda pomwepo, abale akuona. Anakhulupirira ndi mtima wonse kuti zimene walembazo zili ndi mphamvu. Ndi matenda a anthu olemba.

* * *

Lachitatu dokotala sanabwere. Inabwera lole yobiriwira, ndi apolisi asanu ndi mmodzi a ku boma, ndi kalata ya chidindo. Kalatayo inkati, potsatira pempho la banja ndi la wapolisi Meiram, mtembo ukapimidwe ku chipatala chapafupi chimene chili ndi zipangizo zokwanira. Chipatala chapafupi chotere ndi cha asilikali, mkati mwa Bwalo. Za pamanda pomwepo munalibe.

Meiram anaima kutsogolo kwa lole, manja atatambasula, akukuwa kuti si zimene banja linavomera. Bwana wake anamuonetsa pamene a Ulbolsin anadinda chala, nam'landa mfuti ndi chipewa, nauza apolisi awiri kuti amugwire mpaka lole ichoke. Amuna a m'mudzi anaima chapatali, zipewa zili m'manja. A Riskul anapempha kuti akwere nawo, aziperekeza wakufayo ndi mapemphero, koma anauzidwa kuti mulibe malo.

Masiku khumi ndi awiri anapita. Meiram ankamwetsa nkhosa za Kuandik m'mawa uliwonse, poti ntchito ina analibenso. Wailesi inalengeza kuti zokambirana zayenda bwino, mbali zonse zayamikirana posunga lumbiro, ndipo akumananso chaka chamawa. Pa sitolo Sagindik anati, "Mwamva? Mtendere wafika, amuna inu. Uli pa lole, ukubwera." Palibe anaseka.

Lole inafika Lolemba masana. Inatsitsa bokosi lachitsulo lowotcherera mbali zonse, ndi msilikali woti aime pambali. Kalata ya madokotala inkati malemu anamenyedwa kumsana ndi chida cholemera, ndipo m'thupi simunapezeke chitsulo chilichonse. Bokosi lisatsekulidwe, pofuna kuteteza umoyo wa anthu. Tsiku la mlandu wa Kuandik linali litaikidwa kale.

Analiika pabwalo la nyumba, pafupi ndi pamene hatchi yodula mchira inamangidwa. Shinar analira mpaka mawu kumuthera. Amuna ankadikira kuti anyamule, koma a Riskul anali atangoima, osapereka chizindikiro.

A Ulbolsin anatuluka m'nyumba. Anthu anagwirana manja kuti awaletse, pokumbukira za kale zija, koma ulendo uno sanakande. Anaika chikhatho pa chitsulocho n'kuyenda nacho pang'onopang'ono, kuchokera kuno mpaka uko, n'kubwereranso. Kenaka anadzutsa mutu n'kufunafuna m'gulumo mpaka atamupeza Meiram, amene anaima kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khola.

"Bwera kuno, mwana wanga."

Anthu anamupatsa njira. Anafika n'kuima, maso ali pansi.

"Iwe ndi wamaso. Unaona mchira, unaona kansalu, unaona zonse zimene ife tinalephera kuona." Mawu awo anali ofatsa, ndipo analibe chipongwe, ankafunsadi. "M'manda ayenera kuyang'ana ku Maka. Tandithandiza. Mutu wa mwana wanga uli mbali iti?"

Meiram analizungulira bokosilo. Anagwada n'kuyang'ana mizere ya moto wowotcherera, anafunafuna chilembo, kachizindikiro, ngakhale pokandika. Analizunguliranso kachiwiri, mudzi wonse ukumudikira. Mbali zonse ziwiri zinali zofanana.